Chifuwa chinachira, nanga mtima anaupima ndani?

Amalume anga anagona m'chipatala masiku khumi ndi limodzi mu Febuluwale 2021, tsidya lija la nyanja kumene kunabadwira mayi anga. Ndi msodzi wa usipa wa kufupi ndi Mbamba Bay, munthu amene ndinakula ndikuwaona akusenza okha chilimira chonyowa kuchoka pagombe mpaka kunyumba osatula panjira. Tsiku lopita kuchipatala anachita kuwakweza pa njinga yamoto, wina atawagwirira kumbuyo, milomo itada, mawu akutuluka limodzilimodzi. Anawaika pa mpweya. Papepala panalembedwa chibayo. Pakamwa pa anamwino pankamveka mawu a Chiswahili amene anafala m'Tanzania monse chaka chimenecho, akuti changamoto ya upumuaji, ndiye kuti vuto la kapumidwe. Dzina lenileni la nthendayo linali losatchula.

Tsiku lotuluka kunyumba kunali nthungululu. Pasanathe milungu itatu anabwerera panyanja, poti ngongole ya khoka sidikira wodwala. Mu Epulo anandiimbira foni. "Mphwanga, chifuwa chija chinatha, koma kamtunda ka kunyumba kuno katalika. Ndikumaima kawiri ndisanafike." Azakhali analanda foniyo n'kuulula zimene eni ake anabisa: masilipasi sakulowanso kuphazi, ndipo usiku akugona chokhala atatsamira khoma, chifukwa akangogona chagada akubanika ngati munthu womira.

Powatulutsa paja palibe anawauza kuti zoterezi zingachitike. Palibe anawalembera tsiku lobweranso. Ndipo apa ndi pamene pali mlandu wanga. Munthu amene wagona pa mpweya chifukwa cha kachilombo kolowa m'mapapo, kaya ndi Covid-19 kaya ndi fuluwenza, amatuluka ndi mtima wotopa, mwina wovulala. Kumutulutsa osaupima mtimawo, osamuuza zoyenera kusamala, osamuitananso, ndi kumusiya pakati pa nyanja bwato likulowa madzi. Zikuchitika ku Mbamba Bay, ku Liuli, ku Lituhi, ku Chiwindi kumalire ndi Mozambique, ndiponso kwathu kuno ku Malawi, ndipo tazizolowera.

Mtima ndi mnofu umene umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku. Chakudya chake ndi mpweya wa okosijeni umene mapapo amathira m'magazi. Kachilombo kakadzaza mapapo ndi madzi, mpweyawo umachepa, thupi limatentha, ndiye mtima umakakamizika kuthamanga kwambiri pa nthawi yomweyo imene chakudya chake chaperewera. Amene anapalasapo bwato molimbana ndi mwera ali ndi njala akudziwa mmene mikono imathera mphamvu. Koma wopalasa angathe kukocheza pagombe n'kudikira mphepo idutse. Mtima ulibe gombe.

Nkhondo ya thupi ndi kachilomboko nayo imaononga zambiri. Magazi amayamba kuundana msanga, ndipo timibulu take timatseka timitsempha todyetsa mtima. Mafuta amene akhala zaka atamatirira m'mitsempha amatha kusweka n'kutseka njira mwadzidzidzi. Kwa ena mnofu weniweni wa mtima umatupa, nthenda imene madokotala amaitcha myocarditis. Kwa ena mbali ya kumanja ya mtima, imene imakankhira magazi m'mapapo, imafooka chifukwa mapapowo alimba kapena atsekeka. Kwa enanso kagundidwe kamangosokonekera, mtima n'kumati dididi, phee, dididi. Mnofu wa mtima ukavulala umadonthezera m'magazi puloteni yotchedwa troponin, ndipo ndi imeneyi imene madokotala a m'zipatala zazikulu amayeza kuti adziwe ngati mtima wakhudzidwa.

Izi si nkhambakamwa. Mu Malichi 2020 madokotala a ku Wuhan analemba za odwala 416 amene anagonekedwa ndi Covid-19. Mwa iwo, 82 anali ndi chizindikiro cha kuvulala kwa mtima, ndiye kuti pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse. Theka la anthu 82 amenewa anamwalira, pamene mwa enawo imfa sizinafike asanu pa 100 alionse. Ndipo nkhaniyi sinayambe ndi Covid-19. Mu 2018 ofufuza a ku Ontario, m'dziko la Canada, anapeza kuti m'sabata yoyamba munthu atapezeka ndi fuluwenza, chiopsezo choti mtsempha wa mtima utsekeke chimakwera kasanu ndi kamodzi. Ku America, atawerenga mbiri za akuluakulu oposa 80,000 amene anagonekedwa ndi fuluwenza, anaona kuti pafupifupi mmodzi mwa asanu ndi atatu anadwalanso mtima mwadzidzidzi ali m'chipatala momwemo. Mu 2022 kafukufuku wina wa kumeneko, wa asilikali opuma oposa 150,000 amene anadwalapo Covid-19, anaonetsa kuti ngakhale patapita chaka chathunthu matenda a mtima ndi sitiroko anali akuwagwirabe kuposa anzawo amene sanadwale, makamaka aja anagonekedwa.

Pamene madokotala a maiko ena ankalemba zimenezi, Tanzania inasankha kutseka pakamwa. Wodwala woyamba anapezeka ku Arusha pa 16 Malichi 2020. Patangopita milungu ingapo boma linaleka kulengeza ziwerengero, ndipo zinaima pa odwala 509 ndi akufa 21 kwa nthawi yoposa chaka. Mu Juni 2020 Pulezidenti John Magufuli analengeza kuti dzikolo lapulumutsidwa ku mliriwo. Anthu analimbikitsidwa kudzifukiza ndi nthunzi ya masamba, kumene eni ake amati kupiga nyungu, pamene katemera ankanyozedwa poyera. Koma maliro sanamvere lamulo. Pa 17 Febuluwale 2021 kunamwalira Maalim Seif Sharif Hamad, wachiwiri woyamba kwa mtsogoleri wa Zanzibar, amene chipani chake chinali chitanena poyera kuti ali ndi kachilomboko. Kumayambiriro kwa Malichi, Bambo Charles Kitima a ku bungwe la maepiskopi a Katolika anauza dziko kuti ansembe oposa 25 ndi masisitere 60 anali atamwalira m'miyezi iwiri yokha ndi vuto la kupuma. Pa 17 Malichi Magufuli mwiniwake anatisiya, ndipo boma linati ndi matenda a mtima amene anakhala nawo zaka zoposa khumi. Mayi Samia Suluhu Hassan atalowa anasintha njira, ndipo pa 28 Julayi 2021 anabayitsa katemera pamaso pa dziko lonse. Pamenepo ndiwayamika mosabisa.

Komabe chete wa chaka chija anasiya ngongole imene mpaka lero sinabwezedwe. Ambiri amalankhula za akufa amene sanawerengedwe. Ine ndikulankhula za amoyo. Nthenda imene ilibe dzina ilibenso kaundula, ndipo popanda kaundula palibe woitanidwanso. Munthu amene papepala pake panalembedwa chibayo basi, akabwera miyezi itatu pambuyo pake miyendo itatupa, amene akumuona alibe chomuthandiza kulumikiza nkhani ziwirizo. Wodwalayo nayenso sazilumikiza, chifukwa anamuuza kuti anachira.

Ndiye mudzi umapereka mayankho ake. Amalume anga miyendo itatupa, ena anati aponda mankhwala pagombe, wawatchera ndi mnzawo wa nsanje. Achikulire ena ananong'oneza za mdulo, ndipo mukudziwa kumene chala chimaloza nkhani ikafika pamenepo: kwa mkazi amene wathira mchere m'ndiwo. Azakhali, amene anagona pansi pa simenti masiku khumi ndi limodzi ngati gadiyani, anasanduka oganiziridwa m'nyumba mwawo momwe. Anyamata a m'bwato nawo ankati madala ayamba ulesi. Sindikunyoza anthu a kwathu. Munthu akapanda kupatsidwa chifukwa choona amafuna china, poti kudwala kopanda chifukwa n'kosapiririka. Mlandu uli kwa amene ankadziwa, kapena anayenera kudziwa, koma sananene.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mtima wovulazidwa ndi kachilombo nthawi zambiri umachira. Ku London madokotala anatsatira odwala 148 amene anagonekedwa ndi Covid-19 yoopsa ndipo troponin yawo inali itakwera. Atawajambula mtima ndi makina a MRI patapita pafupifupi miyezi iwiri, anapeza zipsera kapena zizindikiro zina mwa theka la iwo, koma mwa anthu pafupifupi asanu ndi anayi pa khumi alionse mtima unali ukupopa bwinobwino. Uwu ndi uthenga wabwino, ndipo wodwala aliyense ayenera kuumva. Koma kuchira kumeneku kumafuna nthawi. Malangizo a akatswiri a mtima ndi akuti amene mnofu wa mtima wake unatupa asagwire ntchito yolemetsa kapena kuchita masewera amphamvu kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Wosewera mpira wa ku Ulaya akauzidwa zimenezi amakhala pansi, malipiro akulowa. Nanga msodzi? Nanga mayi amene amakwera phiri ndi mtolo wa nkhuni, kenako n'kukasinja chinangwa cha kondowole? Nanga mnyamata amene gulu lake la mganda likumudikira kuti akavine dzuwa lonse? Kugombe la Nyasa palibe ntchito yopepuka. Mapiri a Livingstone amatsikira m'madzi mwenimweni, ndipo njira iliyonse yochoka pagombe ndi yokwera.

N'chifukwa chake mawu a pa tsiku lotuluka ali ofunika ngati silinda ya mpweya. Banja likauzidwa momveka kuti bambo awa asagwire nkhafi mpaka mwezi wakuti, abale amagawana mtolo. Timatero pa maliro, timatero pa chinkhoswe, tingalephere bwanji pa matenda? Chimene banja silingachite ndi kusenzerana mtolo umene silinauzidwe kuti ulipo.

Ndikudziwa zimene a zaumoyo angandiyankhe, ndipo sindikuzipeputsa. Adzati malungo akupha ana, amayi akufera pobereka, kolera imabwera ndi mvula, ndiye ndalama zopimira mitima ya anthu amene anachira kale zichokera kuti? Ena adzati kafukufuku amene ndatchulayu ndi wa nkhalamba zonenepa za ku America, osati asodzi a ku Ruvuma. Mfundo yachiwiriyi imandipatsa mantha m'malo mondilimbitsa mtima. Mu 2012 gulu la madokotala lotsogozedwa ndi Albertino Damasceno wa ku Maputo linafalitsa zimene linapeza pa odwala 1,006 a m'maiko asanu ndi anayi a mu Africa amene anagonekedwa mtima utalephera kupopa. Zaka zawo zapakatikati zinali 52 zokha, chochititsa chachikulu chinali kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 18 pa 100 alionse anali atamwalira pomatha miyezi isanu ndi umodzi. Mitima yathu imafooka tikadali pa msinkhu wolera ana. Ambiri amayenda ndi BP yokwera osadziwa. Ena zitseko za mtima wawo zinaonongeka ali ana chifukwa cha zilonda za pakhosi zimene sizinapatsidwe penisilini. Ena ali ndi HIV, ena TB inazinga mtima, amayi ena mtima unafooka atangobereka. Kachilombo kakafika pa mtima wotere sikayamba ntchito yatsopano, kamangomalizitsa.

Za ndalama, ndiyankhe chonchi. Sindikupempha MRI ku Lituhi. Ndikupempha zinthu zimene zili m'manja kale. Wotulutsidwa aliyense amene anagona pa mpweya alembedwe m'buku lapadera, apatsidwe tsiku lobwera pakatha milungu iwiri ndiponso pakatha miyezi itatu. Auzidwe m'chinenero chake, kaya Chinyanja, Chimpoto, Chimanda kapena Chimatengo, pamaso pa gadiyani wake, kuti akaona miyendo ikutupa, akamabanika pogona chagada, chifuwa chikamathina kapena mtima ukamagunda modumphadumpha, abwere tsiku lomwelo. Akabwera amuyeze BP, amuike pa sikelo, amudinde chala pamsongolo kuona ngati pakutsala dzenje. Zimenezi sizifuna dola. Mankhwala a mtima wofooka, monga furosemide wochotsa madzi, enalapril, carvedilol ndi spironolactone, ndi akalekale, otchipa, ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Mabuku a m'mawodi a 2020 ndi 2021 nawonso sanapse. Ali m'mashelefu a zipatala za boma ndi za mishoni, ku Liuli, Lituhi, Litembo, Mbinga, Peramiho ndi Songea, zipatala zimene zinasunga miyoyo yambiri m'masiku amene kunena zoona kunali koopsa. Atsegulidwe, ndipo alangizi a zaumoyo a m'midzi akafufuze amene anagona pa mpweya aja ali bwanji lero.

Chotsatira ndi makina awiri: ECG yolemba kagundidwe ka mtima, ndi kasikani ka m'manja kamene kamalumikizidwa ku foni kapena tabuleti n'kuonetsa mmene mtima ukupopera. Wina asandiuze kuti zimenezi n'za akatswiri okhaokha. Ku Rwanda anamwino a m'zipatala za kumidzi akhala akujambula mitima ndi kupereka mankhwala kwa zaka zoposa khumi. Kwathu kuno, ku Neno, boma la mapiri ndi misewu yoipa, anamwino ndi makiliniko ofesa anaphunzitsidwa ntchito yomweyo mothandizidwa ndi Abwenzi Pa Za Umoyo. Njira imeneyi imatchedwa PEN-Plus, ndipo mu Ogasiti 2022 nduna za zaumoyo za maiko a mu Africa, pamsonkhano wa bungwe la WHO ku Lomé, zinagwirizana kuti ifalikire ku zipatala za m'maboma. Tanzania ndi membala wa gulu limenelo. Ngati zinatheka ku Neno, chingaletse n'chiyani ku Nyasa, boma la anthu oposa 190,000?

Tanzania si dziko losowa luso la mtima. Jakaya Kikwete Cardiac Institute ku Dar es Salaam imang'amba mitima, ndipo ngakhale Amalawi timapita komweko. Koma kuchoka ku Mbamba Bay kukafika pakhomo pake ndi makilomita oposa 1,000. Akatswiri ake amayendera zigawo nthawi ndi nthawi, ndipo n'zabwino, koma mtima wofooka sufuna mlendo wa sabata imodzi. Umafuna munthu wokhala pompo, amene adzakuonanso mwezi wamawa n'kusintha mlingo wa mankhwala. Boma lomweli linatha kuthira phula makilomita 66 a msewu wokhotakhota wa Mbinga mpaka Mbamba Bay. Mu Seputembala 2024 Mayi Samia anabwera okha kudzaika mwala wa maziko a doko latsopano. Malasha a ku Ngaka apeza njira yotulukira. Sinditsutsa doko, ndipo tsidya lino ku Nkhata Bay tikuliyembekezera. Koma mtengo wa kasikani ndikunenaka sufika ngakhale pa mtengo wa lole imodzi yonyamula malasha. Amene adzatsitse katundu padokopo ndi anthu omwewa, ndi mitima yomweyi.

Pali ndi nkhani ya katemera wa fuluwenza, amene m'midzi mwathu ambiri sanamumvepo. Anamuyesa pa anthu oposa 5,000 a mtima wofooka m'maiko khumi, kuphatikizapo Zambia ndi Mozambique, ndipo zotsatira zake za mu 2022 zinaonetsa kuti chibayo chinachepa kwambiri ndiponso ogonekedwa m'chipatala anachepa. Chaka chilichonse mwera ukayamba kuomba mu Juni ndi Julayi, chimfine chimalowa m'misasa ya asodzi mmene amagona anthu khumi m'kachisakasa kamodzi. Covid-19 yazilala, koma fuluwenza sinapite kulikonse. Odwala mtima ayenera kukhala oyamba pamzere wa katemerayu.

Ife Amalawi tisadzitame kuti tinkawerenga odwala athu. Inde tinkawerenga, usiku uliwonse pawailesi. Pa 12 Januwale 2021 tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, ndipo posakhalitsa tinamva mmene K6.2 biliyoni ya mliri inasakazidwira. Koma pa mzere uja wa "ochira" umene unkatisangalatsa, ndi angati anaitanidwanso kuti akapimidwe mtima ku Karonga, ku Nkhotakota, ku Mangochi? Tinawalemba m'gulu la ochira, n'kutseka buku. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe: nyanja ndi imodzi, usipa ndi umodzi, ndipo mabanja ambiri a m'gombe muno ali ndi manda mbali zonse ziwiri.

Amalume anga anapulumuka mwa mwayi. Mu Meyi 2021 anapita kukafuna mankhwala a msana, ndipo kiliniko ofesa wina wachinyamata anaona mmene akupumira pofotokoza. Anawadinda chala pamwendo, dzenje linatsala. Anamvetsera kumsana, n'kufunsa funso limene palibe anafunsapo: "Bambo, munagonapo pa mpweya chaka chino?" Anawapatsa mapilitsi ochotsa madzi ndi ena a mtima, anaitana azakhali n'kuwauza pamaso pa amuna awo kuti mchere uchepe m'ndiwo ndipo kuti matendawa sanabwere ndi munthu. Anawaletsa kupita panyanja kwa miyezi isanu ndi iwiri. Miyezi imeneyo inali yowawa. Tinasonkha abale a mbali zonse kuti khoka lisalandidwe, ndipo mwana wawo wamkulu anasiya sukulu teremu yathunthu. Lero amasoka maukonde pansi pa mtengo wa mango, amapalasa pafupi ndi gombe nyanja ikakhala bata, ndipo kamtunda kaja amakakwera osaima. Mankhwala akumwabe.

Pa bedi loyandikana ndi la amalume m'wodi muja panagona mlimi wa khofi wochokera kumapiri a Amatengo, wocheperapo msinkhu. Ankagawana phala, ndipo anatuluka sabata imodzi. Mvula yotsatira isanathe, anamupeza atagwa chafufumimba m'munda mwake, m'maenje olimamo otchedwa ngoro, khasu lili m'manja. Anthu anangoti anagwa. Palibe anamupima ali moyo, palibe anamupima atafa. Amalume anamva uthengawo patapita milungu, kwa wogulitsa khofi pamsika. Pondifotokozera anakhala chete nthawi yaitali, ulusi wa ukonde uli pakamwa, kenako anati: "Mphwanga, ujatu anatuluka ali bwino kuposa ine."